Kapu ya Mkuwa

Lachiwiri m'mawa ku Thessaloniki,
mphepo ya kumpoto ikuluma makutu,
Lefteris anandibweretsera botolo
lokulunga m'nyuzipepala ngati khanda lodwala.
"Mafuta otenthetsera nyumba, a chaka chino.
Ndawapeza motchipa. Ungosaina, Stamatia."

Ine sindisaina ndi maso.
Ndinathira m'kapu ya mkuwa kulekeza pamzere,
n'kuvindikira, n'kutenthetsa mwapang'onopang'ono,
kachitsulo kakutakasa m'kati ngati kakusinkhasinkha.
Kutentha kukakwera pang'ono
ndinkatsitsa kalawi konga njere ya mphesa
pakamwa pa kapu, n'kudikira.
Mafuta oona mtima amakhala duu
mpaka adutse madigiri makumi asanu ndi asanu.
Awa, asanafike n'komwe makumi anayi,
anangoti ng'ani! kamoto kobiriwira,
kuphethira kumodzi kokha
kwa wabodza wogwidwa mawu ali m'kamwa.
Wina anawasakaniza ndi petulo.

Madzulo ndinatsika naye kuchipinda chapansi.
Chitseko chachitsulo, chija chimadzitseka chokha,
anachitchinga ndi njerwa
kuti asamavutike akanyamula ndowa.
Thanki ili pakona, mimba tuu,
kakhoma koizinga, koti mafuta akadontha asayende,
kali ndi mng'alu wolowa chala changa.
Paipi yopumira anaitseka ndi nsanza
poti fungo linkakwera kwa anthu.
Chozimitsira moto chinatha ntchito
mapasa a pamwamba paja asanabadwe.
Ndipo pambali pake, mwaudongo ndithu:
zitini za penti, matiresi a malemu wina,
makatoni a zokongoletsa za Khirisimasi,
njinga yopanda tcheni.
Moto umapita kumene kwatsala tchire,
apa tchire analisanja pamashelefu.

"Zaka makumi awiri," anatero Lefteris,
"sikunapsepo ngakhale ulusi."
Ndinayang'ana kudenga.
Pamwamba pa mitu yathu panali nsanjika zisanu ndi imodzi:
mayi Evdokia, amene masitepe amawatsika
akupumira pa lachitatu lililonse,
mapasa aja ali m'bafa,
mnyamata wa ku yunivesite wogona zomvera zili m'makutu.
Ndinkamva madzi akuyenda m'mapaipi awo.
Amati tsoka silinunkha.
Ili linkanunkha, iye n'kuliphimba ndi nsanza.

Ndinalemba zimene lamulo limafuna,
mawu ouma ngati mtanda wa mkate wadzana:
mafuta apopedwe achoke,
katundu atuluke, mng'alu umatidwe,
paipi ipumire panja, kutali ndi zenera,
ng'anjo isayatsidwe mpaka ndidzabwere.

Masiku anayi nyumba yonse inagona m'majasi.
Dzina langa linatukwanidwa pansanjika iliyonse.
Mayi Evdokia, titakumana pakhomo,
anandiyang'ana ngati ndine ndinabweretsa dzinja.
Sindiwadandaula.
Moto umene sunayake ulibe mboni,
palibe amathokoza chifukwa cha usiku wamba.

Loweruka mafuta atsopano anapirira m'kapu
mpaka makumi asanu ndi limodzi.
Ndinasaina.
Lefteris anawerama, msana ukulira,
n'kuchotsa njerwa ija.
Chitseko chinayenda chokha, mwaulemu,
n'kuti khu.

Anaima nayo m'manja, osadziwa koiika.
Kenaka anandipatsa.
Ili pano patebulo langa, pafupi ndi kapu,
ikupsinja mapepala
mphepo ija ikalowa pazenera.