Chogwira M'manja

Loweruka ndinatsika minibasi pa Kamwala,
fumbi la Okutobala likukukutika m'mano,
m'chikwama muli ndalama za chilimba
zimene anzanga kuntchito akuyesa ndagulira firiji.

Bwembya, mnyamata wa m'sitolo yoyandikana ndi njanji,
anandiyalira mapulinta atatu pa kauntala
ngati nkhuku zoti ndisankhepo yonona.
"Iyi, amayi, imasindikiza ndi makalata omwe."
Ndinaiyang'ana: chimphona chofuna tebulo lakelake.
Kwathu ku Libala tebulo ndi limodzi,
ndipo theka lake analanda ndi mankhwala a atate.

Kachiwiri kanali ngati sopo wosambira,
kolowa m'thumba, kosamwa inki,
koma zithunzi zake ngati za pachiphaso.
Maso a atate anathera m'matikiti,
zaka makumi awiri ndi zisanu m'mabasi a boma.
Ndinafunsa: kodi zimasuluka pakapita nthawi yanji?
Bwembya anakanda mutu, natembenuza bokosi.
"Nanga inu mukufuna zikhale mpaka liti?"
Funso limenelo ndinalimeza ndi malovu.

Kachitatu n'kamene ndinakavutitsa.
Ndinafunsa za batire,
poti magetsi kwathu amabwera ngati mlamu wangongole,
pakati pa usiku, n'kuchoka tisanamuone.
Ndinafunsa mtengo wa mapepala,
poti tinthu totere timakunyengerera pogula
kenaka n'kumakudya mwakachetechete ngati chiswe.
Ndinawerengera pafoni: zithunzi ziwiri, buledi mmodzi.
Ndinafunsanso ngati kamalidziwa khungu lakuda,
chifukwa pa ukwati wa Lozindaba wojambula anatitulutsa tonse
otuwa ngati tachokera kuchigayo.

"Yesani nokha," anatero.

Pepala linalowa, n'kutuluka lachikasu.
Linabwerera, n'kutuluka lofiirira.
Linabwereranso,
ngati munthu woiwala chimene walowera m'chipinda,
ndipo ine kuyenda kotereku ndimakudziwa,
ndimakumva usiku m'khonde, masilipasi akukwekweza.
Ulendo wachinayi linatuluka ndi mwana wanga Tikambenji,
mpata wa mano ake, chipsera cha njinga pachibwano,
wakuda monga ndinam'berekera.

Sindinanenerere mtengo, ine wodziwika m'Kamwala monse
kuti ndimanenerera ngakhale machesi.

Adokotala anati foni siingathandize.
Atate akaigwira, chala chimakhudza galasi,
nkhope n'kuthawa, iwo n'kumaifuna kuseri kwake.
Apatseni chogwira m'manja, anatero,
chosazima, chosalira,
ndipo mulembepo mayina ndi zilembo zikuluzikulu.

Madzulo magetsi kunalibe, monga mwa masiku onse.
Kamakina kanalira pang'onopang'ono pakati pa mabotolo a mapiritsi,
ine ndi Tikambenji tikulemba ndi kandulo:
uyu ndi Masauso, ali ku Kitwe;
awa ndi azakhali a ku Katete;
uyu ndi galu wanu, anafa, koma ndi wanu.
Cha amayi tinachisindikiza kawiri.

Chomaliza chinali changa.
Ndaima pageti, ndavala chitenge cha mpingo,
pansi pake ndinalemba: Zelipa, mwana wanu woyamba.
Ndinawapatsa chikadali chofunda.

Anachigwira ndi manja awiri ngati mbale ya mwini.
Anachiyandikiza kukandulo, nachitalikitsa,
chala chikutsata zitsulo chimodzichimodzi.
"Geti ili ndinawotcherera ndekha," anatero,
"chaka chimene mvula inagwetsa mpanda."
Zinali zoona. Chaka chimenecho ine ndinali nditachiiwala.

Kenaka anandiyang'ana, nandilozera pepalalo.
"Nanga mayi uyu mwamusiyiranji panja?
Dzuwa likumuotcha.
Pitani mukamuuze alowe."

Ndinatuluka.
Ndinaima pageti mumdima kufikira maso atauma,
jenereta ya aneba ikugunda,
kenaka ndinagogoda pakhomo pathu pomwe,
n'kumva mawu awo m'kati, amphamvu ngati kale:
"Lowani, amayi, pano m'pakwanu."

M'bokosi mwatsala mapepala makumi awiri ndi limodzi.