Galu Mmodzi, Mabala Awiri

Anali galu wathu yemwe, Mwatani,
uja ankatsata njinga yanga ya kabaza
kuchoka ku Mpondasi mpaka pa mlatho wa Shire, lilime panja,
n'kubwerera yekha kukalondera nkhuku.
Mu Ogasiti analimbana ndi nkhandwe kudimba
nabwera khutu litang'ambika.
Tinam'tama. Tinam'ponyera mitu ya usipa.

Patatha masabata atatu anayamba kutafuna miyala,
kuluma mwendo wa mpando,
kuuwa ndi mawu a galu wina,
dovu lili chuchuchu.
Lachinayi masana analuma ana awiri,
wanga Sakina pa katumba,
ndi Jawadu wa Che Mtalika pa chala,
kabala ngati polasa minga ya mthethe.

Make Sakina sanafunse munthu.
Anam'kokera ku mjigo, sopo m'manja,
ine ndikupopa, iye akutsuka, mwana akukuwa,
mphindi khumi ndi zisanu,
amayi a pamzere akung'ung'udza ndi ndowa zawo.
Kenako pa kaliyala, chishalo chikuwotcha,
ulendo wa kuchipatala cha pa boma.

Anamwino anayankhula akutsegula kabotolo:
"Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu, bambo.
Sikathamanga ndi magazi ngati malungo.
Kamakwawa mu mtsempha mwakachetechete
ngati chiswe mu nsichi, kulowera ku ubongo.
Tikakapeza panjira, timakagwira.
Kakafika, kafika."
Ndinati muyezeni kaye, tione ngati kalowa.
Anati, "Mwa mwana sitingakaone lero.
Yankho lili m'mutu mwa galuyo,
koma ife sitilidikira."
Anabaya. Analemba m'kabuku masiku obwereranso,
nadula mzere kunsi kwake kawiri.

Mwatani anafera kuseri kwa khola Loweruka.
Alangizi a ziweto anabwera atavala magolovesi,
nanyamula mutu m'kabokosi kozizira.
Yankho linadza. Linali lomwelo.

Kwa Che Mtalika ndinapitako kawiri.
Ndinati njinga ilipo, sindilipiritsa.
Anakweza chala cha mwana padzuwa:
"Taonani, chapola kale.
Tinawotcha ubweya wa galuyo, phulusa tinapaka."
Anali ndi khasu paphewa, mizere ikuwadikira.
Ndinaima pang'ono, ndinakanda kumutu.
Kachitatu sindinapite.

Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zikutuluka,
Jawadu anati chala chikunyerenyesa
pomwe panalibenso ngakhale chipsera.
Thupi linatentha. Tulo tinathawa.
Anapempha madzi,
kapu itafika pamlomo khosi linakana,
maso ali tong'o, akuikankha, akuifunanso.
Kamphepo kolowa pazenera kankam'dumphitsa.
Apo ndiye anandigogodera usiku,
apo ndiye ndinapalasa m'matope, unyolo ukulira,
mwana ali pakati pa ine ndi bambo ake.
Anamwino aja anam'yang'ana kamodzi
n'kuyang'ana ine.
Anakhala masiku anayi.

Sakina ali Sitandade 5 tsopano.
Pa katumba pali timadontho tiwiri,
amati sakumbukira kuwawa, amakumbukira sopo.

Chaka chilichonse chimkuzamawu chikalengeza
kuti katemera wa agalu ndi mawa pabwalo la sukulu,
sindinyamula munthu tsiku limenelo.
Ndimamanga dengu pa kaliyala,
khomo ndi khomo: galu wanu ali kuti? nanga mphaka?
Ena amaseka, ati kabaza wa agalu wafika.
Ena amati katemera amafooketsa galu, sasakanso.
Ndimatsika, ndimaimika njinga,
ndimakhala pansi mpaka anditopere.

Che Mtalika sitinakambepo za chala chija.
Timapatsana moni ku msika, timadandaula za feteleza.
Koma chaka chino ndinawapeza pamzere m'mamawa,
chingwe m'manja, kagalu kofiira kakunjenjemera.
Anandiona. Anasendera pang'ono
kuti dengu langa lilowe patsogolo pawo.