Kabotolo ka Lachiwiri

Anandibaya pamkono Lachiwiri m'mawa,
nzimbe zikadali pa ngolo, injini isanazizire.
Mtsikana wa magolovesi anati,
"Kungoyeza basi, bambo, madalaivala nonse."
Tinali khumi ndi anayi pa benchi,
timabotolo khumi ndi tinayi m'kabokosi.
Bolopeni yake inkakana.
Anaiuzira mpweya, naikhutiza pachikhatho,
nalemba dzina langa ngati mapazi a nkhuku.

Twaibu Mkwanda. Kapena Mkwanga. Kapena Mkanda.
Pa benchi pomwepo panali Mkanda weniweni,
uja malipiro ake amathera pa Nkhunga asanafike kunyumba.
Sindikumuneneza.
Ndangonena kuti analipo.

Usiku umenewo magetsi anazima Dwangwa yense.
Ndikukumbuka, chifukwa Asiyatu
anasita yunifolomu yanga ndi makala.
Filiji ya kukiliniki imadya magetsi omwewo.
Magazi anga anagona akutuluka thukuta la Okutobala,
m'mawa nakwera galimoto ya ku Lilongwe,
kudutsa pa Benga, dzuwa likuswa mtengo.
Ine sukulu ndinalekeza panjira,
koma ndikudziwa kuti ngakhale thobwa
ukalisiya padzuwa masiku awiri
limayamba kuluma lilime.

Patatha milungu itatu, pepala.
Nambala imodzi yozunguliridwa ndi inki yofiira.
Bwana anaiwerenga osandiyang'ana:
"Apa akuti mwakhala mukumwa mwezi wathunthu,
osati pang'ono."
Ine, amene chibadwire sindinaulawe,
ine woitana anthu ku swala ya m'bandakucha
mwini ntchitoyo akadwala chifuwa.
Ndinaseka. Ndinkayesa nthabwala.
Makiyi a lole anawalandira ndi manja awiri,
mwaulemu ndithu.

Ndinati, yezaninso, mtsempha ndi uwu, sunathawe.
Anati magazi a lero sangachitire umboni a mwezi watha.
Ndinati, nanga otsala aja?
Anati anataya.
Anayeza ndani?
Makina.
Nanga makinawo amawayeza ndani?
Sikelo ya mpunga pamsika
amabwera kudzaiona, naimata chidindo,
kuti isabe ngakhale chikho chimodzi.
Sikelo yoyeza mbiri ya munthu
chidindo chake chili pati?

Pansi pa pepalalo pali siginecha,
mzere wopindika ngati njoka yopondedwa ndi tayala.
Dzina palibe.
Pali nambala ya foni. Ndinaimba.
"Dikirani pang'ono." Ndinadikira,
ndikumva wina akutafuna, wailesi ikunena za mpira,
mpaka mayunitsi anga anatha.

Kumzikiti moni tsopano ndi wa nsonga za zala.
Zimenezo ndikanapirira.
Koma usiku wina, poyesa kuti ndagona,
Asiyatu anatenga malaya anga pamsomali
nawanunkhiza pakolala,
kawiri,
nawabwezera mwakachetechete.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za banja
zinalemera mochepa kuposa kanambala kofiira.

Pano ndimapalasa kabaza.
Dzulo wandiimitsa mtsikana uja,
kabokosi kobiriwira kali pachifuwa,
akuthamangira galimoto ya kusiteji.
Sanandizindikire. Mikono imene wabaya ndi yambiri.
Maso ake anali ofiira ndi tulo,
nsapato yake yong'ambika pachala.
Sindinapeze pomukwiyira.

Ndinapalasa pang'onopang'ono,
kuzemba dzenje lililonse,
poti kumbuyo kwanga kunkagundana timabotolo,
ntchito za anthu, maukwati a anthu,
fizi ya ana amene sindikuwadziwa.

Pokwera mtunda ndinafunsa,
"Achemwali, muli ayezi m'menemo?"
Anatsegula pang'ono, nasuzumira.
"Analimo," anatero.