Nyemba Ziwiri

Pa kanema wa sikani adandilozera
timadontho tiwiri totuwa, tosaposa nyemba.
Izi ndi impso, adatero a Mkwapatira,
zayamba kale ntchito yosefa madzi
m'kachipinda kamdima komwe mlendoyu sakulipira lendi.

Ndidaseka. Pomwepo foni idanjenjemera m'chiuno,
m'mpindiro wa chitenje momwe ndimaisomeka,
zala zitatu zokha kuchokera pa nyembazo.

Ine ndimadyera foni.
Kabenchi, ambulera yofwifwa, pafupi ndi depoti ya Mangochi,
ina yotumizira ndalama, ina ya mayunitsi,
ndipo kuseri kwa msika nsanja yachitsulo ija
imandiyang'ana ndi diso lofiira.

Mtsikana wina wophunzira unamwino adabwera kudzatapa ndalama.
Adati adawerengapo za makoswe apakati
oikidwa pafupi ndi mafunde osaonekawa,
akuti mwa ana ena impso sizidaumbike bwino.
Ndidati, ndiye ine ndine khoswe?
Adati ayi mayi, mwina si kanthu,
ofufuzawo sadamvanebe, ena akuti aona, ena akuti palibe.
Adawerenga ndalama zake kawiri nkukwera kabaza.
Mwina uja adamusiya pa benchi panga.

Mwina salemera,
koma tayesani kugona naye mphasa imodzi.

Sumani adapita ku Joni mimba isanaoneke.
Usiku akaweruka kotsuka magalimoto
amati, iike pamimbapo, amve mawu a bambo ake.
Ndimaiika.
Imafunda ngati dzira longoikiridwa kumene.
Mwana amaponda,
ndipo sindidziwa ngati akulonjera
kapena akuti chotsani.

Lachiwiri ku sikelo ndidafunsa.
A Mkwapatira sadandiopseze, sadandisekenso.
Adati malungo ndimawadziwa, kuchepa magazi ndimakudziwa,
koma izi ndinganame nditati ndatsimikiza.
Gonani m'neti, imwani madzi, mankhwala aja musadumphitse.
Foniyo siidzadandaula ikagona patebulo.

Ndiye ndasoketsa kachikwama kwa atelala a pa M'baluku,
ndimakapachika pa mtengo wa ambulera.
M'chiuno mwangotsala thukuta ndi makiyi.
Nsanjayo sindingaisunthe,
ndipo kunena zoona ndi yomwe imandigulira sopo.

Usiku foni imakhala pa ndowa yovundikira, cha kukhomo,
nditaikweza mawu mpaka pothera.
Sumani amachita kukuwa ngati woitanira minibasi,
aneba onse akudziwa tsopano za ngongole ya malata
ndi dzina lomwe tikukanganirana.

Dzulo adafunsa, akundimva koma kutaliko?
Ndidagwira pamimba, tonse tili chete,
mayunitsi akutha.
Kenako kachidendene, kamodzi, pansi pa nthiti.

Ndidati wakumva.
Nyemba ziwiri zija sindingazione kuchokera kuno,
ndingozimwera madzi.