Nsomba Yokwera Phiri

Mu ofesi yathu ku Luwinga mulibe madzi.
Muli mapu pakhoma, obayidwa timapini,
ndi kompyuta yokomoka magetsi akangotsokomola.
Nyanja ili kumunsi, kuseri kwa makona a msewu wa Nkhata Bay,
ine ndimaidziwa m'manambala.

Mu Ogasiti tinagwira chambo mazana awiri.
Chilichonse tinachiveka kapulasitiki kachikasu pamsana,
nambala yake mbali iyi, foni yanga mbali inayo,
n'kuchibweza m'madzi.
Cha nambala 47 chinandibaya chala ndi munga.
Chipsera chilipo.

Bambo Msowoya anatenga rula,
nalemba mzere pakati pa madzi apapepala:
kuno n'kotseka, Novembala ndi Disembala,
khoka lisalowe, nsomba ziswane.
Ndinafunsa ngati nsombazo zauona mzerewo.
Sanaseke.

Kutseka kusanayambe foni inkalira.
Msodzi wa ku Usisya, nambala 112.
Wa ku Chintheche, nambala 9, nafunsa ngati pali kangachepe.
Novembala atalowa inangoti zii.
Bambo Msowoya akuti ziiyo ndi nsomba zamoyo.
Ine usiku, mvula ikugogoda malata ku Chibavi,
ndimati mwina ndi anthu oopa chindapusa.

Loweruka mumsika waukulu,
NyaLongwe anandikodola ndi nsidze.
Pansi pa beseni la usipa panali chiguduli chonyowa,
pansi pa chiguduli, chambo zitatu.
Musafuule, adada, anatero.
Chapakaticho chinali ndi kachikasu pamsana.
Ndinapukuta ndi chala chomwe chija.

Ndinachikanula kukamwa:
mazira, tinthu ngati mapira,
omwe mayi amasunga osadya mpaka ana atasambira okha.
NyaLongwe anayang'ana kumbali.
Wanga ali Folomu 3 ku Katoto, anatero,
sukulu satseka nawo nyanja ikatsekedwa.

Ndinalipira osanenerera.

Lolemba ndinatenga pini,
ndinadutsa mzere wa Bambo Msowoya,
ndinadutsa gombe, minda ya labala, nkhungu ya m'mapiri,
n'kubaya pa Mzuzu, pouma.
Mwa zonse mazana awiri
palibe chinayenda ulendo wautali mokwera chonchi,
chomangidwa ku waipa ya minibasi.

Pafomu pali danga lakuti kuya kwa madzi.
Ndinasiya osalemba.
Palibe danga la dzina la wogulitsa, mwamwayi.
Ndipo zoti madzulo ake tinachikazinga ndi tomato,
ana n'kutsotsa mpaka mutu,
izo sindinauze munthu.