Mbale ya Padenga

Ntchito yanga ndi ya pageti.
Koma Lolemba lililonse amandipatsa makwerero ndi chisanza
kuti ndikapukute mbale yoyera ya padenga,
poti akhwangwala a ku Eriya 10
sadziwa kuti mbaleyo ikumvetsera kumwamba.

Masana kumabwera magalimoto a mabungwe,
azungu ofiira makosi, anyamata a zikwama za malaputopu.
Amati kuthambo kuli setilaiti
yojambula minda, madambo, mitsinje yosefukira,
kuti njala aione isanagogode pakhomo.
Ine ndimangolemba manambala a galimoto m'kope
ndi bolopeni yomangirira ku ulusi.

Usiku wina magetsi atathima, jenereta ikutsokomola,
a Ndaziona anatsalira okha mu ofesi.
Ndinawapititsira tiyi wa m'fulasiki yanga.
"Bambo Kadzuwa, kodi mumakhala kuti?"
Ndinati ku Mtandire, kuseri kwa chigayo.
Anayendetsa chala pagalasi
ndipo mzinda wonse unatsetsereka
ngati nsalu pa tebulo la telala:
Lingadzi wokhotakhota, bwalo la mpira ngati mphete,
misewu ya kwa olemera yolembedwa ndi rula,
kenako ife,
lata pa lata, mamba a nsomba.

Ndinapeza chigayo.
Ndinapeza mango a kwa a Jere, tisanawadule.
Ndinapeza denga langa, lotsindira ndi matayala awiri.
Pabwalo panali kadontho koyera.

"Chithunzichi n'cha liti?"
"Juni, chaka chatha."

Juni chaka chatha Esinati anali moyo.
Miyendo inali isanayambe kutupa,
tinali tisanadziwe kuzizira kwa makonde a ku Sentulo.
Ndinati: uwo ndi ufa, wayanika pamkeka,
mwini wake ali pamthunzi apo, akuingitsa nkhuku.

A Ndaziona anakuza chithunzi, nachikuzanso,
mpaka kadontho kanasweka
kukhala timabokosi totuwa.
"Makinawa sangathe kunena," anatero motsitsa mawu.
"Likhoza kukhala lata, mwina pepala la pulasitiki."
Sindinatsutse. Iwo anapita kusukulu.
Koma ndani mwa ife awiri
ankasasa ufa m'tsitsi mwake madzulo?

Mwezi watha kunabwera kalata:
opereka thandizo atembenukira kwina.
Magalimoto achepa, kope langa silikudzaza tsamba.
A Ndaziona akulemba mafomu a maiko akunja,
akuti kuno kafukufuku amatha ngati mayunitsi,
uli pakati polankhula.
Za mbale palibe akunena.
Mwina idzagulitsidwa, mwina akhwangwala adzapambana.

Anandisindikizira chithunzi chija papepala.
Ndinachipinda panayi,
chimakhala m'thumba la yunifomu pamodzi ndi chiphaso,
ndipo mzere wopindawo wadutsa pa chigayo,
osati pakhomo panga. Ndinasamala.

Anandiphunzitsanso kuzizindikira kukangoda:
nyenyezi yosaphethira, yoyenda mosapupuluma,
kuchokera cha ku Bunda kulowera ku Kanengo.
Ndinafunsa ngati ndi yathu ija.
Anaseka, ati zilipo zambirimbiri,
palibe yathu, timangobwereka maso a eni.
Yojambulayo, ati, imadutsa dzuwa litakwera,
cha m'ma teni,
nthawi imene mlonda amayenera kukhala m'tulo.

Tsono ndikaweruka, ndikatsika minibasi,
sindigona msanga.
Ndimasesa pabwalo monga ankasesera,
kuyambira kukhomo kulekezera kumpanda.
Ndimayala mkeka uja, ngakhale ulibe kanthu,
n'kukhala pambali pake, chipewa pabondo.
Ana a kwa a Jere amati ndayamba misala.

Alekeni.
Tsiku lina, mu ofesi ina, m'dziko lomwe sindidzafikako,
wina adzakuza chithunzi, nadzachikuzanso,
adzapeza kadontho kakuda pafupi ndi mkeka
n'kunena kuti makinawa sangathe kunena.