Bokosi Lapansi

Pa kompyuta ya mu shopu yosindikizira ya Baltasar
pali mabokosi awiri.
Lapamwamba limafunsa zimene ukufuna.
Lapansi, zimene sukufuna kuziona.

Usiku wa Lachitatu, Valparaíso ali mbuu ndi nkhungu,
ndinalemba pamwamba:
nyumba ya malata achikasu pamwamba pa phiri,
masitepe makumi anayi ndi awiri, khonde, zovala pachingwe.
Loweruka Mayi Fresia akukwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu,
ndipo zithunzi zonse za nyumba ija zinapsera momwemo.

Makina anandipatsa nyumba, inde,
koma pakhonde panaima mkazi wa zala zisanu ndi ziwiri dzanja limodzi,
galu wa michira iwiri,
ndi timalemba tosawerengeka pakona, ngati siginecha ya chidakwa.
Ndinaseka mpaka tiyi kutayikira pa kiyibodi.

Ndiye ndinatsikira m'bokosi lapansi:
zala zowonjezera, malemba, galu, nkhope zopotoka.
Ndinadina. Galu zii. Zala zinabwerera pa zisanu.
Ntchito yake yosavuta, ngati kusankha miyala mu mphodza.

Koma kuseri kwa denga kunali kanthu kotuwa,
mwina nkhungu, mwina ayi.
Ndinalemba: utsi.
Kenako dzanja linapitirira osafunsa mutu:
moto, phulusa, zidebe, ozimitsa moto,
anthu otsika phiri matiresi ali pamutu.
Zinthu zimene makina sanajambule n'komwe.

Baltasar anaima kumbuyo kwanga, akupukuta inki m'manja.
"Eliana, ukalemba pamwamba kuti pasakhale moto,
iwo amangomva moto, n'kukuyatsira.
Lapansili ndiye limamva kukana.
Koma usalidzaze, chithunzi chimauma."

Anatseka geti, n'kupita. Ine sindinamumvere.
Dzimbiri, ming'alu, chidebe cholandirira mvula pabalaza,
ngongole ya kugolosale, mabotolo pansi pa masitepe,
mwamuna wa chipewa chabulauni,
lamba,
chitseko chomenyetsedwa pakati pa usiku.
Zaka makumi atatu sitinazitchule pathebulo,
lero ndazindandalika, chilichonse ndi koma yake,
pakuti chimene ukufuna kuchotsa, uyenera kuyamba wachitchula dzina.
Bokosi lapansi linatalika kuposa lapamwamba.

Ndinadina.

Inatuluka nyumba yosalala see, malata opanda banga,
mawindo ali tong'oo ngati maso a chidole,
masitepe amene phazi silinawapondepo.
Yokongola, yoti n'kuikidwa pa kalendala ya banki.
Munalibe amene analiramo.
Munalibenso amene anakazingamo anyezi.
Mayi akanaiyang'ana, n'kunena mwaulemu wawo uja:
"Yabwino, mwanawe. Ndi ya ndani?"

Kunja basi yomaliza inabuula pokwera mtunda.
Ndinayamba kufufuta m'bokosi lapansi.
Dzimbiri, bwerera. Ming'alu, bwererani.
Chidebe, pita pamalo pako.
Galu nayenso abwere, bola wa mchira umodzi,
tinali naye ndithu, Canelo, wakuba buledi.
Utsi ndinausiya momwemo. Lamba ndinamusiya momwemo.

Panatsala mwamuna wa chipewa chabulauni,
amene anatiphunzitsa kuwerenga pa masitepe omwewo,
sitepe imodzi, nambala imodzi,
masiku amene manja ake sankanjenjemera.
Makina samudziwa. Akanangojambula chipewa
ndi mthunzi wa mlendo pansi pake.

Kamzere kanali phethiphethi pambali pa mawuwo.
Tiyi anazizira.
Ndinaimbira Baltasar, ngakhale inali itadutsa thwelofu,
kumufunsa ngati akukumbukira
mbali imene chipewa chija chinkapendekera.